Alamu anga, dramu, ndi nthiti zonunkha penti

Mwezi wa August uli pakhomo, ndipo inu akum'mawa anzanga mudziwa kale zimene zibwera. Loweruka lomaliza la mweziwu mseu wa Great East umadzaza mabasi ndi mamotoka opita ku Mkaika, ku Kulamba, kumene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalambira Kalonga Gawa Undi. Amene muli ndi nyumba ku Katete kapena ku Sinda, konzekani. Abale a ku Lusaka adzatsika ndi zikwama, a ku Lilongwe adzalowera ku Mwami, a ku Tete adzakwera ndi mseu wa Chanida, ndipo onsewa akafika sadzafunsa za umoyo wanu nthawi yaitali. Adzayamba kuyang'ana kumene kufuka utsi.

Sabata ino tikamba za chinthu chimene ambiri mwakhala mundifunsa: kupanga dramu lowambiramo nyama, lija anyamata a pa Facebook amati smoker. Koma ndiyambe ndi zimene zinatichitikira chaka chatha, chifukwa manyazi ake mpaka lero akali kundiyabwa.

Alamu anga a ku Sinda ndi munthu wamtima wabwino, vuto lawo ndi phuma. Anaona pa foni azungu a ku Texas akutsegula chivundikiro cha chitsulo, utsi kuti fuu, nyama yofewa yochita kuvuka yokha pafupa. Pa Chitatu anagula dramu lobiriwira, lonyezimira bwino. Pa Chinayi linali kwa wowotcherera. Pa Chisanu m'mawa mbuzi inaphedwa, nthiti zinalowa m'dramu, ine nkuikidwa kukhala kapitawo wa malasha.

Madzulo apongozi aamuna anakhala pampando wawo, alendo pamphasa, nsima inabwera. Mdala anatenga nthiti imodzi, kuluma, kutafuna pang'onopang'ono. Kenaka anaika fupa pambale mwaulemu nkufunsa kuti, "Kodi mbuziyi inali kudya chiyani, ana inu? Ikumveka ngati chitseko chatsopano."

Palibe anaseka. Nyama yonse inali kununkha penti, yowawa kukhosi, ndipo ngakhale galu anainunkhiza chabe nkuchokapo. Usiku umenewo alendo ochokera kutali anadyera nsima chibwabwa ndi mazira okazinga mwamsangamsanga. Mbuzi yathunthu inapita kudzala. Safunsa anadya phula, ife tinadya penti.

Kuchokera tsiku lija ndafunsa, ndayesa, ndapanga langa. Phunziro lalikulu ndi ili: dramu latsopano limafuna moto kawiri lisanaone nyama. Mukadumpha pamenepo, china chilichonse chimene mungachite n'kutaya ndalama.

Si braai iyi

Tiyambe tamvana. Pa braai, kapena pa michopo ya pa bala, nyama imakhala pafupi ndi moto waukali ndipo m'mphindi zochepa yapsa. M'dramu nyama imakhala patali ndi malasha, chivundikiro chili chotseka, moto uli wofatsa pa madigiri 110 mpaka 120, ndipo chimene chimaphika ndi mpweya wotentha pamodzi ndi utsi, kwa maola anayi, asanu, nthawi zina asanu ndi atatu. Mitsempha yolimba ija ya m'nthiti ndi m'mwendo wa mbuzi imasungunuka pang'onopang'ono, ndiye chifukwa chake nyama imafewa.

Musaganize kuti ndi nzeru yachilendo. Agogo athu anali kuwamba nyama pansanja pamwamba pa moto kalekale. Nsomba zimene mumagula pa Luangwa Bridge basi ikaima ndi zowamba. Ngakhale mbewa zathu zija Abemba amatiseka nazo, tikaziphika timaziumitsa pamoto. Ku Ghana, amayi ogulitsa nsomba ali ndi uvuni wotchedwa Chorkor, umene unayamba m'mudzi wa asodzi wa dzina lomwelo pafupi ndi Accra cha m'ma 1969. Chatsopano kwa ife ndi chitsulo ndi chivundikiro chabe, ndipo chitsulocho ndicho chili ndi malamulo ake.

Funsani mbiri ya dramu

Dramu lili ngati munthu wofuna kukwatira m'banja mwanu: musaone suti chabe, funsani kumene achokera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mufuna dramu lachitsulo la malita 200 kapena 210, lija lotalika pafupifupi masentimita 88 ndi kukula masentimita 58 pakamwa. Labwino koposa ndi limene munali zakudya, monga saladi, juwisi kapena manyuchi a m'mafakitale, ndipo likhale lija chivundikiro chake chimachoka chonse, chomangidwa ndi lamba wachitsulo. Limeneli simufunika kulidula pamwamba.

Manje mverani bwino apa. Kwathu ku Katete, Sinda ndi Vubwi ndi dziko la thonje, chimanga, soya ndi fodya, ndipo kumene kuli ulimi kuli mankhwala. Dramu limene munali mankhwala opopera mbewu, ophera udzu, kapena a dibi ya ng'ombe, lisiyeni pomwepo, olo akupatseni mahala. Palibe sopo kapena moto umene ungakutsimikizireni kuti poizoni yense wachoka m'mizere ya chitsulo. Ngati wogulitsa akuti, "Sinidziwa munali chani, koma ni yabwino boss," bwezani ndalama m'thumba. Dramu lopanda pepala lolembapo zimene munali, ndiponso lopanda munthu wodziwa mbiri yake, ndi la zinyalala.

Lachiwiri lokana ndi limene munali petulo, thinazi kapena mafuta ena oyaka msanga. Anthu amaganiza kuti dramu lopanda kanthu silingavute. Zoona zake n'zakuti lopanda kanthulo ndilo loopsa kwambiri, chifukwa mpweya wa petulo wotsalira m'kati ukasakanizana ndi mphepo umangodikira kathethe kamodzi ka grinder. Limaphulika ngati bomba, ndipo chivundikiro chimauluka ndi mphamvu yotha kupha munthu. Wowotcherera wanzeru adzakana yekha. Akavomera mosafunsa, sakani wina.

Lachitatu ndi chitsulo cha galvanised, chija chotuwa ngati malata atsopano. Pamwamba pake pali zinc, ndipo ikapsa imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa: mutu, kuzizidwa, kuphwanya thupi ngati malungo. Owotcherera akale amaudziwa bwino utsi umenewu. Choncho musaikemo malata, mapaipi a madzi otuwa aja, kapena waya wa mpanda. Mashelefu a firiji yakale nawonso ayi, chifukwa ambiri anakutidwa ndi pulasitiki kapena zitsulo zina zosayenera moto. Mabawuti akakhala onyezimira, avikeni mu viniga usiku wonse mpaka ade, mutsuke, muumitse.

Pomaliza suzumirani m'kati. Mukaona chitsulo chenicheni, mwina chodzola timafuta, muli ndi mwayi. Mukaona m'kati mwapakidwa zofiirira kapena zachikasu zosalala ngati mbale ya enamel, dziwani kuti muli ndi nchito yaikulu yopala. Dramu la alamu anga linali lotere, ndipo ndi zimenezo apongozi anatafuna.

Kwa wowotcherera

Owotcherera ndi ambiri pa Katete Stores, pa Sinda m'mbali mwa mseu, ngakhale pa boma la Vubwi. Kuyambira 2012 pamene Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha, zomangamanga zachuluka, ndipo kumene kumangidwa nyumba sikusowa wopanga mageti ndi mafelemu. Koma munthu wa mageti mwina sanapangepo chinthu ichi, ndiye pitani ndi miyezo yolemba papepala. Mukangoti "nipangileni cha braai," adzalidula pakati m'litali nkuligoneka pamiyendo inayi, ndipo mudzabwerera ndi braai stand wamba.

Dramu lathu limaima chilili. Muuzeni izi.

Pansi, masentimita 5 kuchokera pathako la dramu, aboole mabowo atatu okula masentimita 2, otalikirana mofanana kuzungulira. Amenewa ndiwo mphuno zake. Bowo lililonse likhale ndi kotsekera, kaya kachitsulo kozungulira pabawuti, kaya paipi yakuda yokhala ndi kapu. Ena amatseka ndi maginito a sipika yakufa, ndipo zimasewenza bwino.

Chachiwiri ndi dengu la malasha. Alipange ndi sefa wachitsulo chakuda, wolimba, kukula masentimita 35, kuya masentimita 20 kapena 25, pa timiyendo ta masentimita 8 kuti phulusa lizigwa pansi ndipo mphepo izilowa kunsi. Aike chogwirira chachitali ngati cha ndowa, chifukwa dramu ndi lakuya ndipo simufuna kulowetsa mutu m'menemo. Pansi pa dengulo mungaike chivundikiro cha poto wakale cholandirira phulusa.

Chachitatu ndi waya woikapo nyama. Aboole mabowo anayi masentimita 18 kuchokera pakamwa, alowetse mabawuti aatali oloza m'kati, waya uzikhala pamenepo. Mukawerengera mupeza kuti kuchokera pansi pa dengu kufika pa nyama pali masentimita pafupifupi 60. Mtunda umenewu ndiwo chinsinsi chonse. Mukaufupikitsa, nyama ipserera kunja m'kati ikali yaiwisi. Wayayo akhale wa stainless kapena wa tizitsulo takuda towotcherera, totalikirana chala chimodzi.

Chachinayi ndi chivundikiro. Chikhale ndi potulukira utsi: paipi imodzi yokula masentimita 5, kapena timabowo 8 ta sentimita imodzi ndi theka kuzungulira. Chogwirira chikhale cha mtengo kuti musapse, ndi kambedza kokolowekera chivundikirocho m'mbali mwa dramu. Chofunika kwambiri n'chakuti chitseke bwinobwino. Mphepo ikamalowa paliponse, moto sudzakumverani.

Ngati thumba lilola, gulani thermometer ya uvuni yokhala ndi kamtengo kachitsulo, muilowetse m'mbali pang'ono chabe pansi pa waya. Mukapita ku Chipata kapena mukatuma wa ku Lusaka, mugulenso kaja kobaya m'nyama. Mudzaona kutsogoloku chifukwa chake ndikakamira.

Mdala amene anandipangira langa, nditamufotokozera zonsezi, anandiyang'ana nkunena kuti, "Ndiye kuti mufuna mbaula yovala jekete." Sanalakwe.

Moto woyamba: kupsereza zakale

Dramu lafika kunyumba, ana alizungulira, mtima ukuti gulani nkhuku. Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Litsukeni ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale. Kenaka linyamuleni kupita nalo pabwalo, kutali ndi nyumba, nkhokwe, khola ndi udzu wouma. Kumbukirani kuti August ndi mwezi wa mphepo, ndipo moto wolusa umayamba ndi kathethe kamodzi. Lambulani pozungulira, ikani ndowa ziwiri za madzi pafupi, sankhani m'mawa kapena madzulo mphepo itagona.

Chotsani waya, dengu, thermometer ndi chogwirira cha mtengo. Tsegulani mabowo onse, dzazani nkhuni zouma mpaka pakati, yatsani. Musathire petulo, dizilo kapena matayala. Moto uwu ukhale waukali zedi, malawi otuluka pamwamba, kwa maola awiri kapena atatu, mukuwonjezera nkhuni. Mudzaona penti ya kunja ikutupa, kuda, nkuyamba kugwa. Utsi wake ndi woipa, ndiye imani kumene kuchokera mphepo, ndipo ana ndi amayi apakati akhale kutali. Chivundikiro nachonso chipse: chigonekeni pa moto wina pambali, kapena chitsamiritseni pakamwa pa dramu mosatseka.

Lisiyeni lizizire lokha mpaka mawa. Mukalithira madzi likali lotentha, chitsulo chimapindika ndipo chivundikiro sichidzakhalanso bwino.

Mawa lake ndi tsiku la thukuta. Tayani phulusa, tengani burashi ya waya ndi sandipepa, kapena bwererani kwa wowotcherera akapale ndi grinder. Mangani kansalu kumphuno. Palani m'kati monse mpaka muone chitsulo chotuwa paliponse, makamaka m'makona a pansi ndi m'mizere. Zofiirira zija zikakanirira, yatsaninso moto kachiwiri. Musanyengerere. Tsukani, pukutani, ndipo liumitseni padzuwa mwamsanga, chifukwa chitsulo chamaliseche chimagwira dzimbiri tsiku lomwelo.

Kunja mungapake penti yopirira moto, ija amapaka pa injini kapena pa mbaula zamakono. Ikasowa, pakani saladi chabe. M'kati musapake penti ya mtundu uliwonse, olo wa m'sitolo alumbire.

Moto wachiwiri: kulidyetsa saladi

Amene munakulira kumudzi mukumbuka kuti agogo sanali kuphika ndiwo mu mphika wadothi watsopano tsiku loyamba. Anali kuyamba aphikamo phala la gaga kuti mphika ukhwime ndipo fungo la dothi lichoke. Dramu nalonso lifuna mwambo wake, ndipo phala lake ndi saladi.

Saladi iliyonse yophikira ichita. Ya mpendadzuwa, ija amayenga pa zigayo za kwathu, ndi yabwino ndithu. Majarini ndi batala ayi, chifukwa muli mchere ndi madzi. Nyowetsani kansalu koyera, pakani m'kati monse: zipupa, pansi, kunsi kwa chivundikiro, waya, mabawuti. Kenaka tengani kansalu kena kouma mupukute ngati mwalakwitsa. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amathira saladi yambiri kuganiza kuti ndiye chikondi, mapeto ake imayenderera, imachita nthenya zomata ngati ulimbo, ndipo pakapita masabata imanunkha. Chitsulo chingooneka chonyowa pang'ono basi.

Dzazani dengu ndi malasha mpaka pakati. Yatsani malasha odzaza manja awiri pa mbaula, akafiira muwathire pamwamba pa enawo, muikepo zidutswa ziwiri za nkhuni ya mango youma. Lowetsani dengu, bwezerani waya, tsekani, mabowo onse atatu ali otsegula. Lolani kutentha kukwere kufika madigiri 150 kapena kupitirira pang'ono, kukhale pamenepo maola atatu. M'kati mulibe nyama, mulibe kalikonse.

Chimene chichitika n'chakuti saladi yopyapyala ija ikatenthedwa nthawi yaitali imauma nkusanduka khungu lolimba lomatirira kuchitsulo, ndipo utsi umawonjezera lake pamwamba. Khungu limenelo ndilo limatchinga dzimbiri, ndiponso limaletsa fungo la chitsulo kulowa m'nyama. Ndi zomwe zija zimachititsa chiwaya cha wa chips wakale kukhala chakuda, chosalala, chosamata. Mukatsegula mawa, m'kati muzioneka mofiirira mopita kukuda, mowala pang'ono, ndipo chala chisamate. Mukabwereza kachiwiri, ndiye bwino kwambiri.

Maola atatu amenewa musawataye pa foni. Ndiyo sukulu yanu yoyendetsa dramu. Tsekani bowo limodzi, dikirani mphindi 15, onani thermometer. Tsekani lachiwiri, onaninso. Mudzapeza kuti madramu ambiri amakhazikika pa 110 mpaka 120 ndi bowo limodzi lotsegula, mwina ndi theka la lina. Moto umalamulidwa ndi mabowo a pansi. Potulukira utsi pamwamba pakhale potsegula nthawi zonse, chifukwa utsi ukatsekeredwa umasanduka mwaye wowawa pa nyama. Yang'ananinso m'mbali mwa chivundikiro: pamene patuluka utsi, pindani bwino ndi hamala.

Ndipo phunzirani kuwerenga utsi. Woyera, wochindikala, wofuka ngati wa zinyalala zonyowa, ndi woipa. Wabwino ndi wopyapyala, wobiriwira pang'ono, wovuta kuuona. Nthawi zonse dikirani umenewo musanaike nyama.

Nkhuni ziti?

Malasha ndiwo amapereka moto, nkhuni zimapereka fungo, ndipo zidutswa zitatu kapena zinayi zokula ngati chibakera zikwanira tsiku lonse. Choncho palibe chifukwa chokagwetsera mtengo ku mapiri a Mphangwe. Mitengo yatha kale kwathu, tisawonjezere. Nthambi za mango zimene munadulira chaka chatha, za gwafa, za malalanje kapena mandimu, zikauma bwino miyezi ingapo, zimapereka utsi wokoma. Zitsononkho za chimanga, zimene pano zili mbwee pambuyo pokolola, nazonso zimachita bwino pa nkhuku ndi nsomba, bola zikhale zouma, zopanda nkhungu, ndiponso zosathiridwa mankhwala a anankafumbwe.

Zokana: bulugamu ndi paini, chifukwa utomoni wake umawawitsa nyama. Matabwa opaka penti kapena vanishi, zidutswa za mipando ya chipboard, ndi mapolo akuda aja onunkha phula, zonsezi ndi poizoni. Nkhadze musaiyandikize n'komwe. Mtengo uliwonse wotuluka mkaka woyera umene simuudziwa bwino, usiyeni. Ndipo poyatsa musasewenzetse palafini kapena mapulasitiki monga tichitira pa mbaula tikachedwa. M'dramu lotseka fungo limenelo lilibe kothawira, limathera m'nyama.

Nyama, ndi nkhani ya masese

Tsiku lachinayi kapena lachisanu, dramu lakonzeka. Yambani ndi chotchipa: mapapiko kapena nkhuku imodzi, kuti mukalakwitsa musalire. Nkhuku ya kumudzi ndi yolimba, ndiye igonekeni m'madzi a mchere usiku pamalo ozizira. Nthiti za mbuzi zifuna mchere, tsabola, adyo ndi maola atatu kapena anayi. Za nkhumba anayi kapena asanu. Mwendo wathunthu ungadye tsiku. Musamatsegule kawirikawiri. Mukatsegula mphepo imalowa, moto umalusa, ndipo muyamba kulimbana nawo.

Manje pa nkhumba tikambe zoona, chifukwa kum'mawa timaikonda. M'midzi yambiri nkhumba zimayenda zokha, ndipo kumene zimbudzi zili zochepa zimadya zonyansa za anthu. Ndimo zimatengera masese, timatuza toyera tija tonga mpunga timene mumaona m'nyama kapena kunsi kwa lilime. Akatswiri a zaumoyo akhala akufufuza vutoli m'midzi ya Katete ndi Sinda kwa zaka zambiri. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo, timatuza tija tingamere mu ubongo nkuyambitsa khunyu. Ndiye kuti mbale imodzi yosapsa ingadwalitse ngakhale mwana amene sanadyeko.

Choncho gulani nyama yopimidwa ndi a zaumoyo kapena a vet. Mukaona masese, musagule, olo mtengo utsike bwanji. Ndipo musakhulupirire maso: utsi umadetsa nyama kunja msanga, ndiponso umasiya kamzere kofiira pansi pa khungu ngakhale nyama itapsa. Mtundu sukuuzani kanthu. Bayani ka thermometer pakati penipeni, posakhudza fupa. Nkhumba ipitirire madigiri 70, nkhuku ifike 74. Nthiti ndi mwendo kuti zifewe bwino zimafuna 90 kapena kuposerapo, ndiye mukaphika mofatsa mpaka nyama iyambe kuvuka pafupa, mwadutsa kale malire a ngozi.

Chinanso: alendo a ku Lusaka adzapempha kuti muwamangire ya pa ulendo. Ya mbuzi kapena nkhuku, kambiranani. Ya nkhumba samalani. Matenda a African swine fever, amene ena amati chigodola, ndi okhazikika m'chigawo chathu. Sagwira munthu, koma kachilombo kake kamakhala nthawi yaitali m'nyama, ndipo makombo akafika kukhola la wina angamalize nkhumba zonse. N'chifukwa chake boma limaletsa kutulutsa nkhumba ndi nyama yake mwachisawawa. Funsani ku ofesi ya vet musanapakire, kuti musakachite manyazi pa roadblock.

Dziwaninso kuti nyama ya m'dramu si yofanana ndi yowamba ya agogo ija youma gwa, yokhala miyezi. Iyi ikali ndi madzi. Ikatsala, isakhale panja kupitirira maola awiri. Ngati malaiti apita ndipo firiji yagona, phikani yokwana kudya tsiku lomwelo.

Mukamaliza

Tsekani mabowo onse ndi pamwamba pomwe, moto udzafa wokha ndipo malasha otsala mudzasewenzetsa ulendo wina. Dramu lisalowe m'nyumba kapena m'khitchini yotseka likali ndi moto, olo kuzizire bwanji. Mpweya wa malasha sununkha, suoneka, koma umapha anthu ali m'tulo.

Likazizira tayani phulusa, chifukwa phulusa likanyowa limadya chitsulo. Waya mukwecheni ndi burashi nkumupaka saladi. Zipupa za m'kati musazitsuke ndi sopo kapena kuzikwecha ndi sitiliwulu, mungachotse khungu lija munavutikira. Zikayamba kugwa timakoko takuda, palani pang'ono ndi kathabwa. Mvula ikayamba mu November, lisungeni pakhonde, pa njerwa, lovundikira. Mukaona dzimbiri penapake, sandipepa, saladi, moto, basi labwerera.

Alamu anga aja sanataye mtima. Dramu lomwe lija tinalipsereza kawiri, tinapala mpaka manja kuchita matuza, tinalidyetsa saladi. Pa Khisimasi anayesanso ndi nthiti za mbuzi ina. Apongozi anatenga imodzi, kutafuna, osakamba kanthu. Anatenga yachiwiri. Atafika pa yachinayi anatembenukira kwa apongozi aakazi nkunena kuti, "Uyu mkamwini tim'sunge."

Ndiye werengani masiku anu bwino. Limodzi kwa wowotcherera, limodzi la moto waukali, limodzi lopala, limodzi la saladi, limodzi loyesera ndi nkhuku. Ngati mufuna kudyetsa alendo a Kulamba, dramu ligulidwe sabata ino. Amene muyese, ndiuzeni mmene zayendera, ndipo amene mwapsereza musabise, tonse tinayambira pamenepo. Sabata ya mawa tikamba za chikanda: chifukwa chiyani cha ena chimalimba bwino pamene chanu chimaphwanyika ngati chigumu.